ZA MTENGO WA PAINI, MATABWA ACE NDI NTHENDA ZACE

Paini sali ngati cimanga, cimene mubzala ndi mvula yoyamba ndi kukolola m'masika. Munthu wooka paini lero ayenera kulindira zaka 20 kapena 25 asanaone thabwa lokhwima. Ndipo akalakwa m'zaka zoyamba sazindikira msanga kulakwa kwaceko, koma adzakuzindikira tsiku limene oceka matabwa afika m'munda mwace, nayang'ana mitengo, napukusa mitu. Pamenepo palibenso cokonza. Cifukwa cace nkoyenera kuti inu, amene muoka paini pa ekala imodzi kapena ziwiri kuseri kwa mudzi, mumve zimene anapeza anthu ofufuza za mitengo, amene anakhala zaka zambiri alikuipima ndi kulemba kakulidwe kace m'mabuku, kuno kwathu ndi ku maiko oyandikana nafe. Zina mwa izi zidzakukomerani, zina zidzakuwawani, makamaka za kudula mitengo yaing'ono imene munaoka ndi manja anu.

Paini alipo wa mitundu yoposa 100, koma amene acuruka ku mapiri a kwathu, ku Zomba, ku Dedza ndi ku Viphya, ndiye amene anzeru amucha Pinus patula. Mumzindikira ndi masamba ace atali, oonda ngati ulusi, olendewera pansi atatu atatu, ndi khungwa lofiirira losupuka ku mtunda kwa thunthu. Kwao ndi ku Mexico, m'mapiri atali a kum'mawa kwa dzikolo, kumene kuzizira, mvula igwa yambiri, ndi nkhungu ikuta mitengo masiku ambiri. Mbeu zace zinafika ku South Africa m'caka ca 1907, ndipo pambuyo pace zinafalikira ku maiko a kuno. Panali paini wina, Pinus radiata, wocokera ku California, amene poyamba akuru a za nkhalango anamkhulupirira koposa; koma m'caka ca 1957 nthenda youmitsa masamba, yochedwa Dothistroma, inaoneka ku Tanganyika, ndipo posacedwa inafalikira ku maiko ozungulira, niononga minda ya radiata. Patula sanagwidwa nayo kweni kweni, natsala iye.

Koma mtengo suiwala kwao. Patula afuna malo okwera, kuyambira ngati mamita 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere kunka m'mwamba, kumene mvula ya pa caka ifika mamilimita 1,000 kapena kuposa, ndi nthaka yakuya yosadikha madzi. Mukamuoka ku malo otentha adzakunyengani zaka zitatu kapena zinai ndi kubiriwira kwace, koma pofika cirala adzafooka, ndipo nthenda ndi ciswe zidzamtsiriza. M'malo otsikirapo pang'ono, osati ku cigwa ceni ceni, muli paini wina wopirira, monga Pinus kesiya ndi Pinus oocarpa. Mitundu iyi ndi mbeu zace ziyesedwa ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba. Funsani mlangizi wa za nkhalango wa kwanu musanakumbe dzenje ngakhale limodzi.

Bwenzi lace la m'nthaka

Pamene paini anayamba kuokedwa m'dziko muno, akuru a za nkhalango anaona codabwitsa. Mbeu zinamera bwino m'nazale, koma itapita miyezi yowerengeka mbande zinaleka kukula, masamba nasanduka acikasu, ndipo zambiri zinafa, ngakhale nthaka inali ya conde ndi madzi okwanira. Tsono anatenga dothi la pansi pa paini wina amene anakula bwino, nalisakaniza ndi dothi la m'nazale. Ndipo taonani, mbande zinabiriwira. J. B. Clements, amene anali mkuru wa za nkhalango masiku a Nyasaland, analemba za kufika kwa paini m'dziko muno m'caka ca 1941.

Cinsinsi cace nciani? M'caka ca 1885 A. B. Frank wa ku Germany anafotokoza kuti mizu ya mitengo yambiri ikhala pamodzi ndi bowa, naucha ubwenzi umenewu mycorrhiza, ndiko kunena bowa wa ku mizu. Bowa amene tiona pamwamba pa nthaka m'dzinja ndiye cipatso cabe. Thupi lace leni leni ndi timaulusi toyera, toonda kopambana tsitsi, toyanga m'dothi. Timaulusi timeneti tikuta nsonga za mizu ya paini, ndipo tifika kutali kumene muzu sungathe kufika, ndi kutengera mtengo madzi ndi cakudya ca m'nthaka, makamaka cija acicha phosphorus. Mtengo nao ulipira bowayo ndi shuga wopangidwa m'masamba. Mitengo ya m'chire mwathu, mombo ndi tsamba ndi msuku, iri nao bowa wace, ndiye amene amai azula m'dzinja. Koma bowa wa mombo sagwirizana bwino ndi paini. Mlendoyu anafika wopanda bwenzi lace, nafooka ndi njala pakati pa cakudya.

Cotero pokonza nazale, pitani ku munda wa paini wathanzi umene uli pafupi, mupalase masamba ouma a pamwamba, mutenge dothi la pansi pace pomwepo, ndi kulisakaniza ndi dothi lanu, muyeso umodzi pa miyeso 9 kapena 10. Musalisiye pa dzuwa kuti liume. Itapita miyezi inai zulani mbande imodzi, mutsuke mizu yace: mukaona timizu tatifupi, tonenepa, ta mphanda, toyererapo, dziwani kuti bwenzi uja wafika. Ndipo ndinene mau amodzi kwa amai: bowa womera pansi pa paini ndi mlendo monga paini yemweyo. Alipo wina wa cisoti cofiira ca mawanga oyera, amene anafika ku Africa pamodzi ndi mitengo yacilendo, ndipo ali ndi ululu. Ana asamazula bowa m'paini.

Za kupatulira

Mlimi ali yense adziwa kuti cimanga cothinana pa phando sicibala ngala zazikuru, ndipo apatulira wosamva cisoni. Koma mlimi yemweyo akafika pa paini dzanja lace lilema. Ati, Mitengo 500 iposa mitengo 100. Ndidulirenji cuma canga? Funso limeneli linayankhidwa ndi miyeso, si ndi mau ai.

M'caka ca 1935 A. J. O'Connor wa ku South Africa anakonza njira yoyesera, ndipo kuyambira 1936 minda yoyesera inaokedwa m'malo osiyana siyana a dzikolo. Munda uli wonse anaugawa m'zigawo. Cigawo coyamba cinakhala ndi mitengo 1,200 pa ekala, osadulapo konse. Zigawo zinazo anazipatulira pang'ono pang'ono, mitengo isanayambe kulimbana, kufikira cina cinatsala ndi 600, cina 400, cina 300, cina 200, cina 150, cina 100, ndi cotsiriza 50 yokha. Ndipo anapima mitengoyo zaka makumi angapo. Zimene anapeza ndi izi. Msinkhu wa mitengo yopambana sunasiyana kwambiri. Umenewo utsata nthaka ndi mvula. Koma kunenepa kwa thunthu kunasiyana koposa. M'cigawo cothinana mitengo inali yoonda ngati nsungwi, ndipo yambiri inafa yokha, yoponderezedwa ndi inzace. Kuphatikiza mitengo yonse pamodzi, cigawo cothinana cinali ndi nkhuni zambiri ndithu. Koma nkhuni si matabwa. Woceka afuna thunthu lonenepa, pakuti pa thunthu loonda maceka angodya makungwa ndi utuci.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Thabwa lipangidwa m'masamba. Cakudya conse cimene cinenepetsa thunthu cicokera ku masamba obiriwira olandira dzuwa. Mitengo ikathinana, nthambi za m'munsi zifa ndi mthunzi, ndipo mtengo utsala ndi kangayaye ka masamba pa nsonga pokha. Mtengo wotere, ngakhale muupatse malo pambuyo pace, subwerera msanga, ndipo mphepo iugwetsa popeza unazolowera kutsamira anzace. Cifukwa ca ici I. J. Craib, wa ku South Africa yemwe, analemba m'caka ca 1939 kuti paini wa matabwa ayenera kupatuliridwa msanga ndi mosaumira, ndi kuduliridwa nthambi. Ndipo malangizo ace anatsatidwa ku maiko ambiri a kuno. Akuru anati, Kuongola mtengo mpoyamba.

Tiri naco citsanzo cacikuru kwathu konkuno. Nkhalango ya Viphya, imene ambiri aicha Chikangawa, inafika mahekitala ngati 53,000, ndipo gawo lalikuru linaokedwa kuyambira 1964, kuti mitengo ikagayidwe ndi kupanga mapepala ku fakitale imene anafuna kumanga ku Chintheche. Mtengo wopangira mapepala sufuna kunenepa kapena kuduliridwa. Koma fakitaleyo siinamangidwa, ndipo pamene anatembenukira ku matabwa, zigawo zambiri zinali zitapitirira nthawi yace ya kupatulira. Pambuyo pace moto ndi kuceka kosaokanso zinatha mbali yaikuru ya nkhalangoyo. Koma imeneyo ndi nkhani yina.

Tsono inu mucite cotere. Mukaoka motalikirana mapazi 9 mbali zonse, ekala itenga mitengo ngati 540. Pamene nthambi za mitengo ziyamba kukhudzana ndi za m'munsi ziyamba kuuma, ndiko pa zaka 6 kufikira 8 m'nthaka yabwino, lowani ndi nkhwangwa, musiye ngati 300. Pa zaka 12 kapena 14 lowaninso, musiye ngati 200. Ndipo mukafuna matabwa akuru, lowani kacitatu pa zaka 18, musiye 120 kapena kuposa pang'ono. Yodulidwayo siitayika: ipatsa mapaso, mitengo ya khola ndi nkhuni. Koma samalani apa, pakuti ambiri alakwa pomwepa. Dulani yokhota, ya mphanda, yodwala ndi yopinimbira, musiye yoongoka. Munthu amene agulitsa mitengo yace yokoma poyamba, nasiya yoipa kuti ikule, afanana ndi wopha thadzi loikira mazira ndi kusunga nkhuku ya citopa.

Wina adzati, Ngati nkotero, ndidzaoka motalikirana mapazi 15 kuyambira paciyambi, ndipo sindidzabvutika ndi kupatulira. Ine sindibvomera. Mtengo waung'ono wokhala ndi malo ocuruka ucita nthambi zonenepa ndi thunthu losongoka, ndipo ofufuza a ku Stellenbosch University anapeza, m'zaka za pambuyo pa 2010, kuti patula wookedwa moyandikana apatsa matabwa oongoka ndi ouma msana kopambana wookedwa patali patali. Ubwana wace mtengo ukhale ndi anzace. Ukamakula, upatsidwe malo.

M'kati mwa thabwa

Mukadula paini, yang'anani pa citsa. Mudzaona mizere yozungulira. Mzere uli wonse ndi caka cimodzi. Mbali yoyera ndi yofewa inapangidwa pamene mtengo unakula msanga ndi mvula, ndipo mbali yoderapo ndi yolimba inapangidwa pamene kukula kunacepa. Ofufuza anaceka timapande tating'ono kucokera pa mtima kufikira ku khungwa, natiyesa kulemera, natiyang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Anapeza kuti mizere ya pakati, ngati 10 yoyamba kuzungulira mtima, iri ndi mtengo wa mtundu wina, umene tingauche mtengo waubwana. Umenewu ndi wopepuka ndi wosalimba. Mitsempha yace ndi yaifupi, ndipo siiyenda molunjika koma mozungulira thunthu ngati cingwe copota. Thabwa locokera pamenepo likamauma lipotoka ndi kupindika, ndipo mmisiri aliponya pambali. Mtengo wolemera ndi wokhazikika uyamba kuikidwa kunja kwa mizere imeneyi.

Ganizani tsono za munthu amene agulitsa paini wa zaka 10 kapena 12 cifukwa ca kusowa ndalama. Agulitsa mtengo waubwana wokha wokha. Zaka zimene mtengo ukadaika matabwa enieni ndizo zimene iye wataya, ndipo thabwa lace likaikidwa pa denga liwerama ndi malata. Ndidziwa kuti njala siilindira. Koma amene apatulira pa nthawi yace apeza kanthu kogulitsa pa zaka 7 ndi pa zaka 13, ndipo akhoza kulekera mitengo yopambana kuti ifike zaka 25.

Mfundo za m'thabwa ndizo nthambi zimene thunthu linameza pokula. Nthambi yamoyo ipanga mfundo yolumikizana ndi thabwa, koma nthambi yakufa, imene ikhala pa thunthu zaka zambiri, ipanga mfundo yakuda yogwedera, yocoka yokha ndi kusiya ciboo. Patula sataya msanga nthambi zace zakufa, ndipo cifukwa cace tizidulira ife. Yambani mtengo ukafika msinkhu wa anthu atatu, mudulire kufikira pamene dzanja lifika. Pambuyo pace kwezani pang'ono pang'ono pa mitengo yokha imene mufuna kusunga. Musapitirire theka la msinkhu wa mtengo, pakuti mukatero mwaulanda cakudya. Dulirani ndi sowo, pafupi ndi thunthu, osasupula khungwa, ndipo citani m'miyezi yozizira ndi youma. Cikwanje cisiya zitsa za nthambi ndi zironda.

Mtengo wopendekeka nao uli ndi bvuto lace: ku mbali ya pansi upanga mtengo wofiirira, wooneka ngati wolimba, koma wothyoka mwadzidzidzi ndi wokhotetsa thabwa. Ndiponso matabwa a paini acita mawanga obiriwira modera ngati zipika zikhala pansi m'dzinja. Ndiyo nkhungu yodya zotsekemera za m'mtengo, ndipo ngakhale siifooketsa thabwa kwambiri, itsitsa mtengo wace pa msika. Cekani msanga mutagwetsa, ndi kusanja matabwa pa mthunzi, pamwamba pa nthaka, ndi timitengo pakati kuti mphepo ipite. Paini salimba kwa ciswe kapena m'dothi la cinyontho monga mlombwa kapena muwanga. Koma amwa bwino mankhwala otetezera mitengo, ndipo nsici ya paini isazikidwe yopanda mankhwalawo.

Nthenda ndi tizirombo

Pa nthenda zambiri za paini ofufuza anapeza cinthu cimodzi cobwereza bwereza: zigwira koposa mtengo umene wafooka kale, ndi cirala, ndi zironda, ndi malo osayenera, kapena ndi kuthinana.

Taonani nthenda yochedwa Diplodia. Nkhungu yace ikhoza kukhala m'kati mwa mtengo wathanzi zaka zambiri osacita kanthu. Koma matalala akagwa ndi kutema makungwa a nthambi, idzuka. Patapita masabata owerengeka nsonga zifiira, utomoni utuluka, ndipo munda wonse uoneka ngati wapsa. Patula agwidwa nayo msanga kopambana Pinus elliottii, ndipo cifukwa cace ku South Africa apewa kumuoka m'madera otentha a matalala. Mitengo yaikuru ikagwidwa, icekeni msanga isanadetsedwe m'kati.

Taonaninso mabvu ochedwa Sirex, amene anapezeka ku Cape m'caka ca 1994, nafika ku KwaZulu-Natal ca m'ma 2002. Wamkazi aboola khungwa, naikira mazira pamodzi ndi ululu ndi nkhungu youmitsa mtengo. Kumene anapha mitengo yambiri ndiko m'minda ya patula yosapatuliridwa, yolimbana madzi. Ofufuza anawagonjetsa pang'ono pang'ono ndi kanyongolotsi kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene kalowa m'mazira a mabvuwo kuti asaswe; koma mankhwala oyamba ndiwo nkhwangwa ya mwini munda.

Nthenda imene iopsa koposa eni nazale ndiyo Fusarium circinatum. Inafotokozedwa poyamba ku America m'caka ca 1946, ndipo m'caka ca 1990 inapezeka m'nazale ya patula ku South Africa. Iola mizu ndi tsinde la mbande, ndipo mbande zina zioneka zamoyo pocoka ku nazale koma zifa zitaokedwa. Iyenda ndi mbeu, ndi dothi, ndi macubu akale. Patula aigonjera msanga, ndipo tsopano kumeneko amkwatitsa ndi mbale wace Pinus tecunumanii, kuti ana ace apirire. Mwa ici muone cifukwa cace ndinati dothi la bowa litengedwe pafupi, pa mitengo yathanzi. Ndipo mbeu, mbande kapena dothi zisalowe m'dziko mobisa m'katundu wa munthu wocokera ku ulendo. M'nazale mwanu musathirire madzi opitirira, ndipo mbande yofota izulidwe ndi kutenthedwa tsiku lomwelo.

Kuli nthenda yina ya mizu imene inafufuzidwa kwathu kuno. Armillaria ndi bowa wokhala m'zitsa za mitengo ya m'chire. Mizu ya mbeu yatsopano ikakhudza mizu ya citsa, bowayo aoloka. Mtengo ufiira masamba, utomoni utuluka pa tsinde, ndipo mukasenda khungwa mupeza coyera coyala ngati pepala, conunkha bowa. Mitengo ifa m'timagulu, kuzungulira citsa. R. Leach, amene anagwira nchito pa minda ya tiyi ku Mulanje, anaonetsa m'caka ca 1937 kuti bowayu adya cakudya cosungidwa m'mizu ya citsa, ndi kuti mtengo ukasendedwa khungwa kuzungulira thunthu nthawi yaitali usanagwetsedwe, cakudyaco citha ndipo bowa asowa pokhala. Nzeru imeneyi ithandiza kumene malo ayenera kutsegulidwa ndithu. Koma ine sindiona phindu pa kugwetsa misuku ndi mombo kuti muokepo paini. Okani pa malo amene ali poyera kale, ndipo mukapeza citsa, cikumbeni. Za nchima za pa phiri la Zomba, zimene zisenda makungwa a nsonga za paini, sindinena zambiri. Zinafufuzidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo zisautsa okhala pafupi ndi nkhalango za m'mitsinje.

Mutakolola

Kodi paini atha nthaka? Ambiri aopa cimeneci. Ku nkhalango ya Usutu ku Eswatini, dziko limene kale linachedwa Swaziland, Julian Evans anayamba m'caka ca 1968 kupima patula, nabwerera ku malo omwewo mitengo itadulidwa ndi kuokedwanso kaciwiri, kacitatu ndi kacinai. Pa mbali yaikuru ya nkhalangoyo mitengo yapambuyo inakula monga yoyamba, kapena kuposa. Pa mbali yaing'ono yokha, ya nthaka yosowa phosphorus, kukula kunatsika, ndipo anakonza ndi feteleza. Cimene paini atha ndithu ndi madzi: kufufuza kumene kunayamba ku Jonkershoek, pafupi ndi Stellenbosch, m'caka ca 1935 kunaonetsa kuti mitsinje icepa madzi pamene mapiri ace aokedwa paini. Musamuoke pa kasupe kapena m'mphepete mwa mtsinje umene mudzi umwa. Mbeu zace nazo ziuluka ndi mphepo. Pa phiri la Mulanje anafalikira yekha, nalanda malo a mkungudza, kufikira anthu anayamba kumgwetsa.

Mutagwetsa mitengo, musafulumire kutentha nthambi ndi masamba otsala. M'menemo muli cakudya cambiri cimene mtengo unatenga m'nthaka, ndipo moto ucimwaza. Ndiponso kuli bowa wochedwa Rhizina, amene mbeu zace zigona m'dothi kufikira moto uzidzutsa. Amera pa lupsa, wakuda ngati ciwindi couma, ndi kupha mbande zookedwa pafupi ndi zitsa zopserera. Yalani zotsalazo m'mizere yopingasa phiri kuti zichinge madzi, ndi kulambula njira yochinga moto kuzungulira munda mwezi wa May kapena June, udzu usanaumitse. Ngati moto walowa ngakhale munacenjera, lindirani miyezi 6 kapena kuposa musanaokenso pa malo opsawo.